Atate akacoka, mwana wamkazi amtola ndani? Mabuku atatu a kwathu amene ndawerenga posacedwa

Pa miyezi iwiri yapitayi ndawerenga mabuku atatu a nthano zazitali olembedwa ndi anthu a kuno ku Zambia: A Cowrie of Hope la Binwell Sinyangwe, Patchwork la Ellen Banda-Aaku, ndi The Mourning Bird la Mubanga Kalimamukwento. Olembawa ndi a mibadwo yosiyana, ndipo mabuku awo anatuluka m'zaka zotalikirana, 2000, 2011 ndi 2019. Koma ukawaika pamodzi upeza kuti onse akhudza cilonda cimodzi. M'buku lililonse muli mwana wamkazi amene atate ake palibe, kaya cifukwa ca imfa kaya cifukwa ali ndi nyumba ina, ndipo funso limene litsala ndi lakuti mwanayu amtola ndani.

Ife funso limeneli timakonda kuliyankha ndi miyambi. Timati cibale ndi fupa, siciola. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamaliro timaimirira n'kulonjeza kuti anawa si amasiye popeza ife tilipo. Mabuku atatuwa atenga malonjezo amenewo n'kuwaika pa sikelo, ndipo onse apeza kuti ndi opepuka. Pa mfundo iyi agwirizana. Pamene asiyana ndi pa kaonedwe kao ka mwana mwiniyo, ndipo ine muyeso wanga ndauika pamenepo. Buku lokamba za mwana wovutika liyenera kumlola mwanayo kukhala munthu, wokhala ndi nzeru zake, zolakwa zake ndi zofuna zake. Likangomuimika kutsogolo ngati citsanzo cophunzitsira anthu cifundo, ndiye kuti lamlanda cinthu cina kuwonjezera pa zimene abale ake anamlanda kale. Inu amene simunawerenge mabukuwa, dziwani kuti ndikhudzako ndi mathero ake.

Ndiyambe ndi laling'ono pa onse. A Cowrie of Hope linatuluka ku Heinemann mu mndandanda wochuka uja wa African Writers Series, ndipo munthu angalimalize pa masiku awiri. Nkhani yake ndi ya Nasula, mai wamasiye wa m'mudzi wa Swelini m'boma la Mbala. Dzina lakelo litanthauza make Sula, ndipo Sula ndiye mwana wake mmodzi yekha. Mtsikanayu wapambana mayeso a giredi 9 ndipo wapeza malo ku sekondale ya ku Kasama, koma pafunika K100,000 ya ndalama zakale zija, tisanacotse maziro atatu mu 2013. Nasula alibe. Mwamuna wake atamwalira, a kucimuna, banja la a Chiswebe, anatenga zonse cifukwa iye anakana kulowedwa cokolo ndi mlamu wake Isaki. Ngakhale n'tero, njala ya sukulu imuyendetsa ulendo wautali wapansi kukapempha kwa anthu omwewo. Apeza famu yao itagwa ndi nkhongole ndipo Isaki ali gone, akutha ndi matenda amene panthawiyo anthu sanali kuwachula dzina. Cimene catsala ndi thumba limodzi la nyemba za ku Mbala, zimene mnzake Nalukwi amlangiza kuti akagulitse ku Lusaka kumene mtengo uli bwino. Pamsika wa Kamwala pafika mwamuna wovala bwino, wa motoka, dzina lake Gode Silavwe. Agwirizana mtengo, thumba likwezedwa, ndipo munthuyo azimiririka osalipira.

Sinyangwe anaphunzira za cuma ku Romania, ndipo zimenezi zioneka m'kalembedwe kake. Wosimba nkhani abwereza-bwereza kutikumbutsa kuti izi zinali zaka za m'ma 1990, ndipo amene tinaziona tidziwa cimene atanthauza. Boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, thandizo la pa unga ndi feteleza linacepa, cilala ca 1992 cinapsereza minda, ndipo Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994. Mlimi wa kumudzi amene anazolowera kuti boma lidzabwera kudzagula mbewu zake anatsala yekha ndi ogula oyendayenda. Koma bukuli silitipatsa phunziro la zacuma. Litipatsa thumba limodzi, ndipo zonse zija zilowa m'thumbamo. Cinthu ciliconse m'nkhaniyi cili ndi mtengo wake, ndipo wowerenga ayamba kuwerengera pamodzi ndi Nasula, kucotsa ya basi, kucotsa ya cakudya, kuona ngati yotsala ikwana. Ine ndinapeza kuti kuwerengera kumeneku kunandigwira mtima kuposa misozi yonse imene wolemba akanandipempha kukhetsa.

Pamene ndinakonda kwambiri ndi pamene Nasula, atakwera kale basi yobwerera kwao cimanjamanja, atsika panjira n'kubwerera ku Lusaka kukasaka wakubayo. Mai wosadziwa kuwerenga, wosadziwa misewu ya m'tauni, wopanda ndalama, asankha kuti sakafika kwa mwana wake ndi nkhani ya tsoka. Pamenepo saali citsanzo ca umphawi ai. Ali munthu wokwiya, wouma mutu, ndipo atampeza Gode amkakamira mpaka kugwirira motoka yake ikuyenda.

Zimene sindinakhutire nazo ndi ziwiri. Coyamba ndi Sula. Buku lonse liyenda cifukwa ca iye, koma mtsikanayu timdziwa pang'ono cabe. Ndi waulemu, ndi wanzeru, ndi wopirira, ndipo basi. Sitimuona akucita nsanje, akunama kapena akufuna cinthu copanda pake monga acitira ana onse. Ali ciyembekezo ca amai ake kuposa kukhala mwana. Caciwiri ndi mathero. Wapolisi wamng'ono atalandira ciphuphu n'kummasula Gode, Nasula akwera masitepe n'kupeza bwana wamkulu wa apolisi amene ali wolungama, ndipo bwanayo akonza zonse: wakuba alipira, mai abwerera kwao ndi ndalama zoposa zimene anafuna. Ndinakondwa, sindinama. Koma nditatseka buku ndinadzifunsa kuti akanapeza bwanayo atapita ku msonkhano, bwenzi Sula ali kuti. Cilungamo cimene cidalira kupeza munthu mmodzi wabwino pa ofesi ya pamwamba ndi mwai cabe. Mwina Sinyangwe anafuna kutitonthoza. Mwinanso anangolemba zimene tonse tidziwa, kuti kwathu kuno nkhani imayenda ukapeza munthu. Kuwerenga kwaciwiriku ndiko kowawa, ndipo ndiko ndasankha kukhulupirira.

The Mourning Bird lilibe bwana wotere. Kalimamukwento, amene ndi loya, analemba nkhani ya zaka zomwezo za m'ma 1990 koma ali pakati pa Lusaka. Bukuli linapambana mphoto ya Dinaane Debut Fiction Award ndipo linasindikizidwa ndi Jacana ku Johannesburg. Chimuka ali ndi zaka 11, ndipo banja lao lioneka ngati mabanja ena onse a m'tauni mpaka imfa italowa m'nyumba. Pamenepo zobisika ziyamba kutuluka: kacilombo ka HIV, cigololo, kudzipha. Chimuka ndi mlongo wake wamng'ono Ali atsala m'manja mwa abale amene awazunza, ndipo anawa asankha msewu. Kumeneko awalera ndi njala, mankhwala oledzeretsa, umbava ndi zibonga za apolisi, ndipo Chimuka akamakula thupi lake likhala cinthu cokha cimene angagulitse. Kumbuyo kwa zonsezi dziko nalo ligwedezeka, mpaka kufika pa m'mawa uja wa pa 28 Okutobala 1997 pamene msilikali wodzicha Captain Solo analengeza pa wailesi kuti walanda boma, zimene zinatha patangopita maola ocepa.

Mphamvu ya bukuli ili pa kutiyendetsa phazi ndi phazi kucoka pakhomo la nyumba kufika pansi pa mlatho. Ambirife ana a m'misewu timawaona pa maloboti a mu Cairo Road, titakweza magalasi, ndipo m'maganizo mwathu amakhala ngati anamera pamenepo. Kalimamukwento atikumbutsa kuti mwana ameneyo anali ndi yunifomu, anali ndi dzina la atate ake, ndipo panali tsiku limene akuluakulu anakhala pansi n'kugawana mipando ndi mapoto asanakambe za iye. Aonetsanso bwino mphamvu ya kukhala cete. A Kenneth Kaunda anauza dziko lonse mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi Edzi, koma patapita zaka khumi mabanja ambiri anali akali kunong'ona, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba. Ana a m'bukuli alangidwa cifukwa ca cinthu cimene palibe wamkulu amene afuna kuwafotokozera. Masamba amenewo ndinawawerenga pang'onopang'ono, ndikupumira.

Dandaulo langa ndi lakuti tsoka liculuka mpaka mtima wa wowerenga ucita dzanzi. Cinthu coipa cikangotha, cina coipa koposa cili kale pakhomo. Sindikamba kuti zimenezi sizicitika, pakuti amene amagwira nchito ndi ana a m'misewu angatiuze zoposa pamenepa. Koma zoona za m'moyo ndi zoona za m'buku sizilemera mofanana. M'buku, tsoka lacisanu ndi ciwiri silipweteka ngati loyamba, ndipo pena ndinaona kuti Chimuka wasanduka munthu amene zinthu zimangomcitikira, pamene ine ndinafuna kumuona akucitanso kanthu, ngakhale kolakwika. Cimene cipulumutsa bukuli ndi liwu la mtsikanayo. Nkhani aisimba yekha, ndi maso a mwana amene aona zonse koma amvetsa theka, ndipo pamene liwulo lili lamphamvu Chimuka akhala munthu weniweni amene sungamuiwale msanga. Ili ndi buku loyamba la wolemba wake, ndipo kulimba mtima kwake ndi kwakukulu kuposa zofooka zake.

Patchwork ndilo linandivuta kwambiri, ndipo ndilo ndiliika patsogolo pa atatuwa. Linapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010 lisanasindikizidwe, ndipo mu 2012 linafika pa mndandanda womaliza wa Commonwealth Book Prize. Muno atate sanafe. Ali moyo, ndi olemera, ndi ochuka, ndipo aliyense awacha Tata. Vuto ndi lakuti Pumpkin, amene ali ndi zaka 9 mu 1978, anabadwa kunja kwa ukwati wao. Akhala m'mafulati a mu Lusaka ndi amai ake a Totela, amene amira mu mowa podikira mwamuna wa mwini, ndipo kamwanaka ndiko kabisa mabotolo ndi kupukuta manyazi a m'nyumba kuti anansi asadziwe. Tata atazindikira, amnyamula n'kupita naye ku famu kwao, m'manja mwa mkazi wao wamkulu, Mama T, amene sanapemphe mwana ameneyu ndipo safuna kumuona. Ndi caka cimene ndege za asilikali a Ian Smith zinali kuphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe m'dziko lathu, monga zinacitikira ku Chikumbi pa 19 Okutobala 1978, ndipo mantha a nkhondoyo afika mpaka pa famupo. Koma Banda-Aaku saiwala kuti kwa mwana wa zaka 9, nkhondo ya pa thebulo la cakudya ndi yaikulu kuposa ya mumlengalenga.

Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti Pumpkin si mwana wabwino. Amanama, ndipo amanama mwaluso. Amatenga zinthu za eni. Adziwa pamene pali cilonda ca munthu aliyense ndipo saopa kupondapo. Mabodza ake ena avulaza anthu amene sanamlakwire. Kangapo ndinafuna kumkalipira, koma nthawi yomweyo ndinali kuona kumene khalidwelo licokera: mwana amene anaphunzira ali wamng'ono kuti coonadi cimacotsa anthu pakhomo, ndipo bodza limawasunga. Apa ndi pamene bukuli lipambana anzake awiri aja. Ife timakonda amasiye ofatsa, amene amalandira nkhanza mwaulemu kuti tiwamvere cisoni bwinobwino. Banda-Aaku akana kutipatsa mwana wotero. Atiuza kuti kunyanyalidwa sikupanga munthu kukhala woyera mtima, kumangomusiya ndi njala imene adzadyetsa ndi ciliconse cimene apeza.

Gawo laciwiri litipeza Pumpkin ali wamkulu, wophunzira, wa nchito yabwino, wokwatiwa, ndipo Tata akufuna upulezidenti. Kunja zonse zili bwino. M'kati akali kamwana kaja koyang'ana kumsewu ngati motoka ya atate ibwera, ndipo nsanje yake pa mwamuna wake imfikitsa pogwira mkazi wina ndi manja. Ndiona kuti gawoli lithamanga kuposa loyamba, ndipo zaka zimene wolemba analumpha pakati ndinazilakalaka. Komabe ndilo lipereka yankho lowawa ku buku la Sinyangwe. Zonse zimene Nasula anagwirira motoka kuti Sula apeze, Pumpkin ali nazo: sukulu, satifiketi, nyumba ya m'tauni. Koma sanacire. A Cowrie of Hope likhulupirira kuti mwana wamkazi akangofika ku sekondale wapulumuka. Patchwork liti sukulu imacotsa njala ya m'mimba, koma funso lakuti ndine wa yani silimayankhidwa ndi mayeso. Mwana ungamlipirire zonse koma osamtola.

Pali cinthu cina cimene ndinaona nditaika mabukuwa pamodzi. Pamene pali thandizo lenileni, silicokera ku magazi. Nasula amuimiritsa ndi Nalukwi, mai wosauka ngati iye yemwe, amene agawana naye malo ogona ndi nzeru za m'tauni. Pumpkin apeza cikondi ndi cidzudzulo coona kwa Sissy, wanchito wa pa famu, amene alibe cibale naye ndipo alibe cimene angapindule. Amalume, azakhali, alamu ndi amai opeza, amene mwambo unawapatsa udindo, ndiwo ali patsogolo kulanda kapena kutembenuka. Sindikhulupirira kuti olembawa afuna kunyoza banja la Ciafirika. Ambirife tinaphunzira cifukwa ca amalume kapena akulu athu amene anadzimana, ndipo buku lokamba za iwo likali kudikira wolilemba. Cimene mabukuwa aonetsa ndi cakuti cibale cimene timanyadira cimalimba pamene nkhokwe ili yodzaza, ndipo zaka za cilala, nkhongole ndi maliro a mlungu uliwonse zinacipeza ndi ming'alu imene sitinafune kuivomera.

Wina angati zonsezi ndi zakale. Lamulo la Intestate Succession Act lilipo kuyambira 1989, ndipo limagawa cuma ca womwalira wosasiya wilo momveka: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Mankhwala otalikitsa moyo tsopano apezeka kwaulere m'zipatala za boma. Kuyambira mu Januwale 2022 malipiro a sukulu za boma anacotsedwa mpaka ku sekondale. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndi zinthu zazikulu. Koma tikumbuke kuti nkhani ya Nasula ndi ya Chimuka zicitika lamulo la 1989 lili kale m'mabuku. Lamulo limakhala ku khoti, pamene katundu amagawidwa pabwalo la nyumba ya maliro, mai wamasiye atakhala pansi, mutu uli woweramitsa, ndipo amene ali ndi mau ndi omwe afuna firiji. Sula wa lero safunika K100,000 ya sukulu, koma afunika yunifomu, nsapato, ndalama ya basi ndi munthu wamkulu mmodzi amene aona kuti kuphunzira kwake ndi kofunika kuposa kumkwatitsa. Thumba la nyemba likalipo, langosintha dzina.

Mukandifunsa kuti muyambe ndi liti, ndingati yambani ndi A Cowrie of Hope, cifukwa ndi lofewa kulowamo ndipo lidzakupatsani mai amene mudzamkonda. Tsatirani ndi The Mourning Bird pamene mtima wanu uli ndi mphamvu, ndipo musaliwerenge mothamanga. Patchwork mulisungire kumapeto, cifukwa ndilo lidzakutsutsani pa zimene mabuku awiri oyambawo anakupangitsani kukhulupirira. Ngati muli ndi kagulu kowerengera pamodzi, yesani kufunsana kuti ndani mwa atsikana atatuwa amene mukanamlandira m'nyumba mwanu. Ambiri adzasankha Sula, cifukwa savuta. Ena adzasankha Chimuka, cifukwa cisoni cake cioneka. Ndikaika ngati padzapezeka wofuna Pumpkin, komatu ana ambiri amene amafika pakhomo pathu ndi kacola m'manja pambuyo pa maliro amafanana ndi iye: okwiya, osathokoza msanga, obisa zinthu pansi pa pilo.

Mabuku onse atatu analembedwa m'Cingelezi, ngakhale kuti anthu a m'katimo m'moyo weniweni akanakamba Cimambwe, Cinyanja, Cibemba kapena Cilozi. Nasula mwiniwake sakanatha kuwerenga buku lokamba za iye. N'cifukwa cake ndaona kuti ndi bwino kuti ife tiwakambirane m'cinenero cathu, pakuti misonkhano imene imagamula za ana amasiye sicitika m'Cingelezi. Imacitika m'mau omwewa amene tikuwerenga pano, ndi miyambi yomwe ija ya fupa losaola, ndipo tsiku lina aliyense wa ife adzakhala pa mpando pa msonkhano wotero, mwana ali khale pakona akumvetsera.